Kompyuta ya pa shopu itadzuka ikulankhula Chingerezi

Kompyuta imene ndimadyera pa kashopu kanga kuno ku Ulongué, ku Mozambique, ndi Dell OptiPlex 3020, ija yaing'ono yogoneka pa tebulo. Ndinaigula yakale mumzinda wa Tete, ndipo kapepala komata pa bokosi lake kamasonyeza kuti inapangidwa mu 2014. Ndiyo imalemba ma requerimento (makalata opempha) a anthu ofuna malo kapena ntchito, ma CV, makalata a mipingo, komanso ma monografia (zolemba za kafukufuku) a ophunzira zaulimi a ku yunivesite ya UniZambeze akamayandikira kumaliza. Iyo ikaima, printa ndi sikana zimangokhala zosonkhanitsa fumbi.

Pa tchuthi amandithandiza ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata wochangamuka amene zala zake zimathamanga kuposa zanga. Loweruka lina ine ndili ku maliro ku Domué, mnzake anamubweretsera fulashi n'kumuuza kuti muli Windows wopepuka amene amathamangitsa makina okalamba. Iye ankaona ngati n'kanthu kongowonjezera liwiro, monga foni imachitira ikamadzikonza usiku. Anayatsa kompyuta kudzera pa fulashiyo n'kumangodina batani lopitira kutsogolo paliponse pamene laonekera. Itamaliza anaizimitsa, n'kutseka shopu, n'kupita kumpira.

Lolemba m'mawa kunabwera mayi wina kudzalembetsa declaração, kalata ya umboni. Mnyamata uja anakhala pampando, ndipo pasanapite nthawi ndinamva akuitana.

"Amalume, kiyibodi yafa. Ndikadina ç ikutuluka kadontho ndi kamchira."

Kiyibodi inali bwinobwino. Pa kiyibodi ya Chipwitikizi ç amakhala kumanja kwa L, pamalo pamene ya Chingerezi imaika chizindikiro chimenecho, ndiye kompyuta inkangowerenga mabatani athu ngati a dziko lina. Nditasuzumira pa sikirini ndinangoti kakasi. Zonse zili m'Chingerezi, mafoda anga onse a pa desktop palibe, Word palibe, printa sikuoneka. Mayi uja tinamupepesa n'kumulozera kwa mnzathu wa kufupi ndi msika.

Mnyamatayo atafotokoza zonse, nkhope ili pansi, anabwera ndi nzeru yake. "Amalume, tingoibwezera mmene inachokera ku fakitale. Ndaona pa YouTube, amangodina F11 basi." Achemwali nawo ataimba foni ananena zomwezo m'mawu ena: "Achimwene, musamukalipire kwambiri, si akuti makinawo amabwerera okha?" Anthu ambiri amene amandibweretsera makompyuta awo amaganiza chimodzimodzi, kuti mkati muja muli batani lobisika lobwezera zonse mmene zinalili dzulo. Kompyuta ya dzulo ndi kompyuta ya ku fakitale n'zinthu ziwiri zotalikirana zaka zoposa 10, ndipo ine imene ndinkailira inali ya dzulo.

Ndinamuletsa kukhudza chilichonse. Osaika pulogalamu, osatsitsa kanthu pa intaneti, osasunga ngakhale kalata imodzi. Fayilo ikafufutika pa hadi disiki, sichoka nthawi yomweyo. Zili ngati munthu wazula zikhomo za m'malire a munda: mundawo ukadalipo ndi mbewu zake, koma tsopano aliyense atha kubwera n'kulimapo zake. Chilichonse chatsopano chimene mwasunga chitha kugwera pamwamba pa chimene mukufuna kupulumutsa. Pa nthawiyo ndinali ndisanadziwe ngati mnyamata uja anafomata, ndiko kupukuta disiki, kapena ayi, ndipo iyenso sankakumbukira chimene anadina.

Ndinatsegula Disk Management, imene m'Chipwitikizi timaidziwa kuti Gestão de Discos, kuti ndione disiki yagawika bwanji. Ya 500 GB imaoneka ngati 465 GB, zimenezo n'zachibadwa, kawerengedwe kokha n'kosiyana. Ndinaona kachigawo kakang'ono ka 100 MB koyatsira makina, chigawo cha C mmene mumakhala Windows, chigawo cha D chimene ndimasungiramo ntchito za makasitomala, ndi kena kakang'ono ka pafupifupi theka la gigabaiti kolembedwa Recovery. D anali wathunthu. Pamenepo ndiye ndinayamba kupuma bwino.

Kachigawo kolembedwa Recovery kaja kanyenga anthu ambiri. Mnyamata wanga atakaona analumpha, akuti fakitale ija ndi imeneyi. Ayi ndithu. Kameneko amakapanga ndi Windows yemwe pamene akuikidwa, ndipo muli zida zochepa chabe zokonzera makina akakana kuyaka. Chigawo chenicheni cha ku fakitale, chimene opanga makompyuta ankaika m'nthawi ya Windows 7 ndi 8, chimakhala cha magigabaiti angapo, chifukwa mumakhala chithunzi cha Windows yense pamodzi ndi ma driver (timapulogalamu toyendetsa zida ngati printa) ndi mapulogalamu a kampaniyo. Mabatani amene anthu amawatchula aja ndi khomo chabe lolowera m'chigawo chimenecho. Pa HP ndi F11, pa Acer ndi Alt pamodzi ndi F10, pa Asus ndi F9, pa Dell za nthawi ya Windows 7 munthu ankadina F8 n'kusankha kukonza kompyuta mpaka apeze Dell Factory Image Restore. Chigawocho chikachoka, mutha kudina mpaka chala chitupe, palibe chimene chingatseguke.

Mwa makompyuta akale amene ndatsegulapo, ogulidwa ku Tete kapena obwera kudzera pa chipata cha Calómuè kuchokera ku Malawi, n'kamodzikamodzi kupeza chigawo chimenechi chilipo. Makinawa amachokera m'maofesi a kunja. Eni ake asanawagulitse amapukuta disiki yonse kuti zinsinsi zawo zisapite nazo, ndipo wamalonda akawalandira amaika Windows wakewake, nthawi zina amasinthanso ndi disiki yomwe. Choncho fakitale ya kompyuta yanga inachoka ndisanaigule n'komwe. Mwana wa achemwali sanaiphe ndi iye.

Ndipo chikanakhalapo, ndikanachifuna? Pa bokosi langa pali kasitika ka Windows 8 Pro. Kubwerera ku fakitale kukanandipatsa Windows wa zaka zimenezo, m'chilankhulo cha dziko limene makinawa anagulitsidwa koyamba, ndi mapulogalamu oyeserera amene nthawi yawo inatha kalekale. Ngakhale wotsatira wake, Windows 8.1, anasiya kulandira zigamba za chitetezo mu Januwale 2023. Choopsa kwambiri n'chakuti njira imeneyi imapukuta C yense, ndipo pa makina ena imagawanso disiki mwatsopano, D n'kupita nawo. Munthu amene akufuna kugulitsa kompyuta yake ingamuthandize. Wa shopu ngati ine ikanangondiwonjezera maliro.

Pali njira inanso imene ili mu Windows 10 mwenimweni, Repor este PC, imene imakufunsani ngati mukufuna kusunga mafayilo anu kapena kuchotsa zonse. Ndi yabwino makina akangolemera kapena akasokonezeka. Koma imamanga Windows watsopano kuchokera pa amene alipo pa disikiyo panthawiyo. Kuyambira mu 2020 anawonjezamo mwayi wotsitsa mafayilo ake pa intaneti, oposa 4 GB, komabe imabweretsa mtundu womwewo umene mwaupeza. Amene analipo pa yanga anali uja wa mnzake wa mnyamata, wodulidwadulidwa ndi munthu wosadziwika, wopanda Windows Update, wopanda chotetezera ku mavairasi. Kupepuka kwake kunali kumeneko. Makina amene anthu amandipatsa ma BI ndi ma NUIT awo, ziphaso za unzika ndi za msonkho, kuti ndiwasikane sindingawasiye ali ndi chinthu chimene sindikudziwa amene anachiphika. Njira imeneyo sindinaiyese n'komwe.

Chimene chinandipulumutsa chinali pa C pompo. Nditatsegula ndinapeza foda yolembedwa Windows.old. Mnyamata uja, mwa mwayi chabe, anasankha C osadina batani lofomata, ndipo zikatero Windows watsopano amasonkhanitsa zakale zonse n'kuziunjika mufoda imeneyi. Mkati mwake muli foda ya Users, mkati mwa iyo muli dzina la akaunti yakale, ndipo m'menemo ndinapeza Desktop, Documents, Pictures ndi Downloads zili momwe ndinazisiyira Lachisanu. Fodayi si yokhalitsa. Windows 10 akaikidwa pamwamba pa wakale amaifufuta yekha pakapita masiku 10, ndipo zida zoyeretsera disiki nazo zimaiona ngati zinyalala. Batani lobwerera ku Windows wakale silinalipo, chifukwa limenelo limaoneka pokhapokha ngati munthu wakweza Windows ali mkati mwa wakaleyo, osati poyatsira pa fulashi. Mapulogalamu nawonso sagwira ntchito ali m'menemo, amafunika kuikidwanso. Koma mafayilo anali amoyo, ndipo ndinawakopera onse pa disiki yakunja, D yemwe ndinamukoperanso.

Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa pali foda ina imene anthu amaiiwala n'kudzalira pambuyo. Dzina lake ndi AppData, ndipo ndi yobisika, imaoneka mukauza kompyuta kuti ionetse zinthu zobisika. M'kati mwake, potsata Roaming kenako Microsoft, muli foda ya Templates mmene mumakhala Normal.dotm, fayilo imene imakumbukira mmene tsamba lanu limayambira mu Word: kukula kwa zilembo, mipata ya m'mbali, katalikidwe ka mizere. Ine ndinaikonza kalekale kuti igwirizane ndi mmene maofesi a kuno amafunira requerimento ioneke. Pafupi ndi iyo pali foda ya UProof, mmene muli kabuku ka mawu amene munthu wawonjezera yekha. Nditakatsegula mu Notepad ndinaona mzera wautali wa mawu, lililonse pa mzera wake: Ulongué, Calómuè, Tsangano, Furancungo, Lifidzi, Mussacama, mayina a midzi, a mafumu, a mabanja a kuno amene Word wa Chipwitikizi amawalemba mzere wofiira pansi kapena kuwasintha mwakachetechete. Zaka zonse zimene ndagwira ntchitoyi zinali m'kafayilo kosakwana n'chithunzi chimodzi chomwe. Munthu wolembetsa kalata ya malo dzina la mudzi wake likalakwika chilembo chimodzi amabwezedwa ku ofesi, n'kulipiranso chapa, minibasi ya kuno, kudzandipeza ine atakwiya. Kafayilo kameneko ndinakakopera malo awiri.

Zimene sizinabwerere ndi mapasiwedi amene browser inkakumbukira, chifukwa amenewo amamangidwa ku akaunti yakale ya Windows. Mwamwayi ofunika kwambiri ndinawalemba kumapeto kwa buku la angongole, buku limene silisowa m'shopu muno.

Si onse amene zimawayendera chonchi. Aphunzitsi ena a ku Tsangano anandibweretserapo kompyuta imene mwana wawo anafomata yonse, ndipo iwo anaigwiritsabe ntchito kwa kanthawi asanabwere. Ndinachotsa disiki n'kuilumikiza ku makina ena, n'kuifufuza ndi PhotoRec, pulogalamu yaulere. Zambiri zinatuluka, koma PhotoRec sabweza mayina a mafayilo, amangowapatsa manambala, moti aphunzitsi aja anakhala pabenchi panja n'kumatsegula imodziimodzi kufunafuna mayeso a ana awo. Ena anatuluka oduka pakati. Imeneyo inali hadi disiki yozungulira. Pa SSD, disiki yamakono yosazungulira, zimavuta koposa, chifukwa iyo imapukutiratu malo ofufutidwawo payokha pasanapite nthawi. Ndipo zimene mwapulumutsa muzisunga pa disiki ina, osati pa yomwe mukuifufuzayo.

Mafayilo atakhala pabwino, ndinabwereka laputopu ya mnzanga wokonza mafoni n'kutsitsa Media Creation Tool, pulogalamu yokonzera fulashi yoikira Windows, pa tsamba la Microsoft. Imafuna fulashi ya 8 GB kapena kuposa, ndipo imaipukuta yonse, choncho musaipatse imene muli zithunzi za ukwati. Ndinasankha Windows 10 wa 64-bit, amene mtundu wake womaliza ndi 22H2, chilankhulo Português wa ku Portugal osati wa ku Brasil, poti ndiye amagwirizana ndi kalembedwe ka m'maofesi mwathu ndi kiyibodi yathu. Mamega amapita ambiri, magigabaiti angapo, ndiye ndinadikira a usiku otchipa, foni ili pa zenera pamene netiweki imagwira bwino.

Poika, ndinayamba ndazula disiki yakunja ija n'kuitsekera m'kabati. Pa Dell mukadina F12 poyatsa imakuonetsani zoyatsira, ndipo ndinasankha fulashi pa mzera wa UEFI, njira yatsopano yoyatsira, chifukwa disiki yanga inagawidwa mwa GPT, kagawidwe koyenderana nayo. Mukasankha mzera wachikale makina amakana, amati sangaike Windows pa disiki imeneyi, ndipo anthu ambiri akafika pamenepa amapsa mtima n'kufufuta zigawo zonse. Mnyamata uja ndinamukhazika pambali panga kuti aone sikirini imene inamupusitsa. Pa sikirini imeneyi palibe C, palibe D. Pamangolembedwa Unidade 0 Partição 1, Partição 2, Partição 3, ndi kukula kwa chilichonse. Ndinali nditalemba kale pa pepala kukula kwa C ndi kwa D monga ndinaonera mu Disk Management, ndipo ndinamuuza kuti awerenge mokweza, ine ndikuloza ndi cholembera pa galasi.

"Ichi ndi C, amalume."

"Watsimikiza?"

Anayang'ananso pa pepala, n'kuyang'ana pa sikirini, n'kugwedeza mutu. Tinafomata chimenecho chokha.

Nambala ya layisensi sinafunsidwe. Mnyamatayo anadabwa, poti mnzake anamuuza kuti Windows weniweni amafuna ndalama zambiri. M'nthawi ya Windows 7 nambalayo, ya zilembo 25, inkalembedwa pa sitika yomata pa bokosi, ndipo ikafufutika ndi dzuwa kapena chinyezi munthu ankagwira njakata. Kuyambira pa Windows 8 opanga makina anayamba kuiika m'kati mwa bodi, mu BIOS, kapulogalamu kodzutsa makina, ndipo choikira Windows chimaiwerenga chokha n'kusankha mtundu woyenera, kaya Home kaya Pro. N'chifukwa chake kasitika kanga kali ndi chizindikiro chokha, kopanda nambala. Kuwonjezera apo, makina amene analandirapo kale Windows 10 wovomerezeka amakumbukiridwa ndi Microsoft, moti mukaikanso mtundu womwewo n'kulumikiza intaneti amavomerezedwa okha. Mukaika Home pa makina a Pro, kapena Pro pa a Home, ndiye kuti mwadziputira.

Yanga inayamba yakana. Nditalumikiza foni ndi chingwe cha USB kuti igawe intaneti, inatulutsa nambala ya vuto, 0x80072F8F, ndipo masamba ena a pa intaneti ankakananso kutseguka. Nditayang'ana pakona ya sikirini ndinaona kuti kompyuta ikukhala m'chaka china, cha kale ndithu. Pa bodi pamakhala kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, CR2032, kamene kamasunga nthawi makina akazima. Kanga kanali katatha, koma sindinkazindikira chifukwa Windows wakale ankakonza nthawi yekha akangogwira intaneti. Kabatire komweko ndi kamene kamakhala m'masikelo ang'onoang'ono ndi m'marimoti ena a galimoto, kamapezeka mumsika momwemu. Nditatsegula bokosi kuti ndikasinthe ndinapeza fumbi lofiira la m'chilimwe litamatirira pa fani ngati bulangete, ndipo ndikukhulupirira kuti kuchedwa kumene mnyamata ankadandaula nako mbali ina kunkachokera pamenepo, makina akatentha amadzichepetsera okha liwiro. Tinapukuta ndi kaburashi, tinasintha kabatire, tinakonza tsiku, layisensi inalowa.

Ma driver sanavute kwenikweni. Mu Gestor de Dispositivos, mndandanda wa zida za kompyuta, chinthu chosowa driver chimaoneka ndi kachizindikiro kachikasu, ndipo zambiri Windows anazipeza yekha. Zotsalazo ndinazitenga pa tsamba la Dell polemba Service Tag, nambala ya zilembo 7 imene ili pa bokosi, ndipo tsambalo limakupatsani za makina anu enieniwo. Mapulogalamu aja amati amakupezerani ma driver onse nthawi imodzi ine sindiwayandikira. Printa inayamba kusindikiza msanga, koma sikana ya pamwamba pake inafuna pulogalamu yakeyake kuchokera kwa opanga. Chinthu china chofunika kwa ife ogula mamega ndi kuuza Windows kuti intaneti ya foniyi ndi yowerengera, apo ayi amatsitsa zigamba usana wonse, madzulo mupeza mamega onse atha. Office 2019 ndinaiikanso kudzera pa akaunti imene ndinagulira, n'kubwezera Normal.dotm ndi kabuku ka mawu kaja m'malo mwake. Nditalemba Calómuè osaona mzere wofiira ndinadziwa kuti shopu yatseguka.

Zonse zitakhala m'malo ndinapanga fakitale yangayanga. Mu Painel de Controlo mukadali chida chakale chosungira zinthu chimene chinachokera ku Windows 7, ndipo chimatha kujambula chithunzi cha C yense mmene alili, ndi mapulogalamu, ma driver, printa ndi kiyibodi ya ç yomwe. Chithunzicho chili pa disiki yakunja imene imagona kunyumba, osati m'shopu, poti akuba kapena moto sizisankha. Mu BIOS, imene pa Dell imatseguka ndi F2, ndinaika pasiwedi kuti munthu asasinthe zoyatsira mwachisawawa. Mnyamata ndinamutsegulira akaunti yake yopanda mphamvu zoika mapulogalamu. Anadandaula pang'ono, koma mayi ake anagwirizana nane.

Nkhani imene yatsala ndi ya msinkhu wa makinawa. Windows 10 anasiya kulandira chithandizo chanthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, tsiku lomwelo ndi Office 2019. Windows 11 amafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, pamene yanga ndi ya m'badwo wa 4. Pali anthu amene amamukakamiza kulowa pa makina ngati amenewa, koma zimenezo zikufanana kwambiri ndi fulashi ya mnzake wa mnyamata. Mnzanga wokonza mafoni akundinyengerera kuti ndiyese Linux Mint m'malo mwa Windows, ndipo ndamuuza kuti ayambe wandionetsa sikana yanga ikugwira ntchito pamenepo, komanso monografia ya masamba ambiri itatseguka mipata yake osasuntha. Zikakanika, ndidikira Januwale, nthawi ya matrícula, yolembetsa ana kusukulu, pamene makolo amadzaza pakhomo ndi mapepala ofuna fotokope, ndione ngati ndalama ingakwane kukwera chapa ya ku Tete kukafuna makina a m'badwo wa 8.